Makina a mpweya wa haidrojeni, akuti amachiza maso ndi mtima, alipo akuwadziwa?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya bambo anga, ndikufuna maganizo makamaka kwa inu a zachipatala. Bambo ali ndi zaka 74, amakhala kumudzi ku Dedza, BP inawayamba kalekale amamwa mankhwala ake ndipo nthawi zina amadandaula pachifuwa akakwera chitunda. Nde chaka chino diso lakumanja layamba zachilendo, akuti akamayang'ana munthu pakati pankhope sakuonapo koma m'mbalimu akuona bwinobwino, felemu ya chitseko akuiona yopindika ngati njoka, Baibulo anasiya kuwerenga ndipo chimenechi ndi chomwe chikuwapweteka kwambiri poti ndi mkulu wa mpingo. Tinapita nawo kuchipatala cha maso m'buku anawalembera kuti macular degeneration. Tsopano achimwene anga ali ku Joni aona makina ena ake otulutsa mpweya wa haidrojeni, munthu umapumira pa timapaipi ta m'mphuno, wogulitsayo akuti amachiza maso a ukalamba, mtima, shuga, zonse. Ndi okwera mtengo zedi koma achimwene akonzeka kugula. Zimenezi nzoona kapena tingotaya ndalama?

Bambo a Tadala: Ndine mchimwene akunenedwayo, ndili pompano. Ine sikuti ndangotengeka ayi, munthuyo anandionetsa mapepala a kafukufuku wa ku Japan pafoni pake, mayina a madokotala alipo, mayunivesite alipo. Bambo anga akuchita khungu ine ndili kuno ndingokhala manja lende?

Nangozo: Musagule achimwene, nzakuba zimenezo. Mpweya ungachize bwanji diso

Aphunzitsi Mbewe: Anangozo pang'ono kaye. Ine ndimaphunzitsa chemistry kusekondale ndipo nkhani iyi ndimaitsata. Kunena kuti mpweya sungakhale mankhwala si zoona, komanso kunena kuti makinawo achiza bambowa si zoona, zonse ziwiri. Kafukufuku wa ku Japan alipodi, wogulitsayo sanapeke. Mu 2007 gulu la Shigeo Ohta ku Nippon Medical School linalemba mu Nature Medicine kuti makoswe amene anawatseka dala mtsempha wa mu ubongo, ngati sitiroko, atawapumitsa haidrojeni pang'ono ubongo wawo sunaonongeke kwambiri ngati wa anzawo. Ganizo lawo linali loti magazi akatsekeka kenako nkubwerera mwadzidzidzi mumapangika tizinthu tina tolusa kwambiri totentha maselo, nde haidrojeni amakagwirana nato nkusanduka madzi. Kuchokera pamenepo anthu alemba mapepala ochuluka zedi, ena anaika haidrojeni m'madontho a m'maso a makoswe, ena m'madzi akumwa. Koma taonani mawu amene ndikubwerezabwereza, makoswe. Khoswe wa mu labu amamupatsa mpweyawo nthawi yomweyo imene vuto likuchitika. Diso la bambo a zaka 74 lakhala likutha pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndi nkhani ina imeneyo.

Bambo a Tadala: Koma pa anthu sanayesepo aphunzitsi? Iye uja amati mpaka m'zipatala za ku Japan akugwiritsa ntchito

Sisita Nabanda: Moni nonse, ndangoweruka kumene. Ine ndine nesi kuno ku UK, ndinagwira zaka zingapo ku wodi ya mtima pano ndili ku kiliniki ya maso. Bambo a Tadala funso lanu ndi labwino, anayesapo inde. Kafukufuku amene ndimamudziwa bwino ndi HYBRID II, zotsatira zinatuluka mu 2023. Anatenga anthu amene mtima unaima ali kunja kwa chipatala, nkutsitsimutsidwa koma ali chikomokere mu ICU pa makina opumira, ena anawapatsa okosijeni yekha ena okosijeni wosakaniza ndi 2% haidrojeni kwa maola 18. Patatha masiku 90, amoyo anali 85% mwa olandira haidrojeni ndi 61% mwa enawo. Ukangomva choncho mtima umadumpha ndithu. Koma anthu onse anali 73 okha chifukwa covid inawadula panjira, ndipo chinthu chenicheni chimene anakonza kuti ayeze, choti ubongo uchire bwino, kusiyana kwake sikunafike poti nkunena motsimikiza kuti si mwayi chabe. Eni akewo ananena kuti pakufunika kafukufuku wamkulu. Nde onani, awa ndi anthu okomoka mu ICU, mpweya ukuyezedwa ndi makina achipatala usana ndi usiku. Si munthu atakhala pampando kunyumba ndi kapaipi m'mphuno, komanso si maso.

Nachisale: Nde pa matenda a bambowa enieniwa palibe?

Sisita Nabanda: Palibe dokotala wa maso amene amalembera wodwala macular degeneration haidrojeni asisi, kuno kulibe, sali pa mndandanda wa chithandizo chovomerezeka. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi china. Mwati felemu ya chitseko akuiona yopindika? Zayamba liti zimenezo, mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono?

Nachisale: Akuti mwezi watha ndi pamene zinakula, poyamba ankangoti akuona mwachimbuuzi

Sisita Nabanda: Chonde tcherani khutu apa. Matendawa ali mitundu iwiri. Kumbuyo kwa diso kuli kakhungu kolandira kuwala kotchedwa retina, pakati pake pali kamalo kakang'ono kwambiri kotchedwa macula, ndi kamene timawerengera ndi kuzindikirira nkhope. Mtundu woyamba amati wouma, umayenda pang'onopang'ono zaka ndi zaka. Wachiwiri amati wonyowa, pansi pa macula pamamera timitsempha tatsopano tosalimba tomwe timadontha madzi ndi magazi, retina imatukuka, nchifukwa chake mizere yowongoka imaoneka yopindika. Wonyowayu amathamanga, masabata ochepa chabe angathe kusiya chipsera chosachiritsika, koma ndi yemweyonso ali ndi mankhwala. Ndi jakisoni wobaya m'diso, ndikudziwa zikumveka zoopsa koma amayamba adontheza mankhwala oletsa ululu ndipo ndi mphindi zochepa, ife timabaya anthu ambiri tsiku lililonse agogo a zaka 90 amene. Mankhwala a jakisoniyu otchedwa Lucentis anavomerezedwa mu 2006, kenako Eylea, ndipo pali Avastin amene ndi wotchipa kwambiri koma kafukufuku wa ku America wotchedwa CATT anapeza kuti amagwira ntchito mofanana ndi Lucentis. Sindikunena kuti bambo ali ndi wonyowayo, sindinawaone, komanso shuga amathanso kutupitsa malo omwewo. Ndikungoti ndalama imene mukufuna kugulira makinayo ipite kaye ku thiransipoti ndi kukajambulitsa diso kwa katswiri wa retina, sabata ino osati mwezi wamawa.

Nangozo: Mwamva achimwene a ku Joni? Nde ndimanena ine

Aphiri a ku Pharmacy: Anangozo musawakalipire, munthu akufuna kuthandiza kholo lake. Ndipo ine ndifuna ndiwauze chinthu chimene mwina chiwakhazika mtima pansi. Bambo a Tadala, ngati bambo anu amamva kupweteka pachifuwa akakwera chitunda nkutheka kuti mankhwala a mpweya akumwa kale. Anachisale taonani m'jumbo la mankhwala awo ngati muli isosorbide kapena timapiritsi toika pansi pa lilime totchedwa GTN.

Nachisale: Isosorbide alipo eya, ndimakawatengera ndine

Aphiri a ku Pharmacy: Basi ndi ameneyo. Akalowa m'thupi amatulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide, umene umauza minofu ya m'mitsempha kuti imasuke, mtsempha umakula, mtima umapepukidwa ntchito ululu nkutha. Ndipo mbiri yake ndi yokoma kwabasi. GTN uja ndi nitroglycerin, yemweyo wa mu dynamite wophulitsira miyala kumigodi, inu a ku Joni mukuidziwa bwino. Dokotala wina ku London, William Murrell, anayamba kupatsa odwala pachifuwa madontho ake cha mu 1879, ankaona kuti zikuthandiza koma chifukwa chake panalibe ankachidziwa kwa zaka pafupifupi 100. Alfred Nobel mwini wake wa dynamite atadwala mtima kuukalamba madokotala anamulembera nitroglycerin yemweyo. Nde mu 1980 Robert Furchgott anaona kuti mtsempha wa kalulu ukaupala kakhungu kam'kati umasiya kumasuka, kutanthauza kuti kakhungu kameneko kamatulutsa chinachake. Pambuyo pake zinadziwika kuti chinachakecho ndi mpweya, nitric oxide, womwe anthu ankangoudziwa ngati utsi woipa wa galimoto. Mu 1998 Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad analandira mphoto ya Nobel pa nkhani imeneyi. Nde thupi lathuli limapanga lokha mpweya wochiza, ndipo tikamakalamba, kapena BP, shuga ndi fodya zikamakanda kakhungu kaja, umachepa.

Aphunzitsi Mbewe: Apa nde pamene maso ndi mtima zikukumana. Ine poyamba ndinkadabwa kuti bwanji ofufuza amakonda kuzitchula pamodzi

Sisita Nabanda: Eya aphunzitsi, retina imadya okosijeni wambiri zedi poyerekeza ndi kuchepa kwake, ndipo kuseri kwake kuli ukonde wa timitsempha tothithikana tomwe timaidyetsa. Mitsempha ikauma kapena mtima ukamapopa mofooka diso limamva msanga. Ofufuza a ku Mount Sinai ku New York analemba mu 2022 kuti odwala macular degeneration amene ali ndi mtundu wina wa tizinyalala pansi pa retina, ambiri mwa iwo anapezekanso ndi matenda aakulu a mtima kapena a mitsempha ya m'khosi yopita ku ubongo. Ndipo m'diso ndi malo amene dokotala amaona mitsempha ya magazi ndi maso ake osang'amba paliponse, kangapo konse ife taunika munthu wobwerera magalasi nkumuuza kuti pitani mukayezetse BP lero lomwe. Nitric oxide yemweyo alinso m'madontho a glaucoma, matenda a presha ya m'diso, otchedwa Vyzulta, anavomerezedwa ku America mu 2017, amathandiza madzi a m'diso kutuluka kuti presha itsike. Ndipo glaucoma ndi imene ife anthu akuda tiyenera kuiopa kwambiri, imatigwira msanga ndipo simapweteka, imadya m'mbali mwakachetechete.

Aphiri a ku Pharmacy: Ndiwonjezere chenjezo limodzi poti gulu lino muli azibambo ambiri, ndipo ndikunena mwaulemu. Amene mukumwa isosorbide kapena GTN musayerekeze kumwa Viagra kapena timapiritsi tamphamvu tija togulitsidwa mobisa. Amadutsa njira imodzimodzi ya nitric oxide, kampani ya Pfizer poyamba inkayesa Viagra ngati mankhwala a mtima amene. Mukaphatikiza BP imagwa pansi mwadzidzidzi munthu kukomoka kapena kufa kumene.

Agama: Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiloleni ndiyankhepo poti ine mpweya unalowadi m'diso langa. Zaka zapitazo retina ya diso lamanzere inamatuka, ndinangoona ngati katani yakuda ikutsika kuchokera pamwamba. Ana anasonkha ndinapita ku India. Atatha opareshoni adokotala anati taika thovu la mpweya m'kati mwa diso kuti likankhe retina ikhale m'malo mwake mpaka imatirire. Masiku oyambawo ndinkagona chafufumimba, kudya chowerama, kupemphera chowerama, khosi linkawawa koopsa koma ndinapirira. Diso silinkaona kanthu, kenako ndinayamba kuona mzere ukugwedezeka ngati madzi m'botolo, tsiku ndi tsiku ukutsika mpaka kanatsala kadontho kakang'ono nkuzimirira. Anandimanga kachibangili pamkono ndipo anandiletsa kukwera ndege mpaka thovulo litatha, tinasintha tikiti ndinakhala kumeneko pafupifupi miyezi iwiri. Lero nyuzipepala ndimawerenga ndi diso lomwelo. Nde mpweya umachiza inde, koma unaikidwa ndi dokotala pamalo pake, sindinachite kupuma m'mphuno.

Nachisale: Zikomo kwambiri agogo, nde ndege amaletseranji?

Aphunzitsi Mbewe: Ukakwera m'mwamba mpweya wakunja umapepuka nde thovu lija limafufuma, koma diso ndi kampira kotsekeka kulibe kothawira, presha imakwera mpaka kutseka mtsempha wodyetsa retina. Ngakhale kukwera phiri lalitali pagalimoto amachenjeza.

Sisita Nabanda: Ndi choncho ndithu. Pa thovulo timagwiritsa ntchito mpweya wotchedwa SF6 amene amatha pa masabata awiri kapena kupitirira pang'ono, ndi C3F8 amene amakhala mpaka miyezi iwiri, agogo Agama ndikuganiza munalandira wachiwiriyu. Kachibangili kaja nkoti mukachita ngozi asakupatseni mpweya wogonetsa uja wa nitrous oxide, umalowa m'thovumo nkulikulitsa. Ngakhale pa macular degeneration yonyowa, magazi akataikira ambiri pansi pa macula, nthawi zina amabaya thovu kuti likankhire magaziwo kumbali. Koma apa mpweya ukugwira ntchito ngati chala chokanikiza basi, si kuti ukudyetsa diso.

Mai a Chiku: Ine funso langa ndi la okosijeni. Nthawi ya covid ija, January 2021, tonse tinaona momwe anthu amafunira masilinda, nde mayi anga ali ndi vuto la mtima ndimaganiza zowagulira kamakina ka okosijeni kuti azipuma madzulo aliwonse mtima uzipumula. Nawonso ndi olakwika?

Sisita Nabanda: Mai a Chiku ngati adokotala ayeza pachala nkupeza kuti okosijeni wawo ndi wotsika, amafunikadi ndipo amapulumutsa moyo. Koma ngati ali bwinobwino kuonjezera sikuthandiza. Kale aliyense wobwera ndi heart attack tinkangomuveka chigoba cha okosijeni osafunsa. Ku Sweden anayesa pa anthu 6,629, zotsatira zinatuluka mu 2017, amene okosijeni wawo unali wokwanira kale kuwapatsa wina sikunachepetse imfa ngakhale pang'ono patatha chaka. Ku Australia kafukufuku wina wocheperapo anapeza kuti mwina bala la pamtima limakulirako, poti okosijeni wochuluka amafinya mitsempha. Tinasintha kachitidwe, pano timayamba tayeza. Ndipo nkhani yomvetsa chisoni kwambiri ndi ya makanda. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 ku America ndi ku Ulaya ana obadwa masiku asanakwane ankawathira okosijeni wambiri m'ma incubator pofuna kuwapulumutsa, ana masauzande anachita khungu chifukwa timitsempha ta retina tinkamera molakwika. Anali madokotala abwino, ankafuna zabwino, mlingo ndi umene sankaudziwa.

Mai a Chiku: Mayo ine, nde bola ndafunsa

Aphunzitsi Mbewe: Mlingo ndi nkhani yonse. Nitric oxide amene a Phiri amatamanda uja, ku America anamuvomereza mu 1999 kuti makanda amene mitsempha ya m'mapapo yakana kumasuka azipuma, koma mlingo wake ndi magawo 20 pa 1 miliyoni, ndipo pambali pamakhala makina oyeza chifukwa akakumana ndi okosijeni amasanduka nitrogen dioxide wowotcha mapapo. Wina ndi carbon monoxide, yemwe uja wa pa mbaula. Thupi limapanga wochepa kwambiri likamaphwanya magazi akale ndipo zikuoneka kuti amachepetsa kutupa, nde ofufuza ayesapo timilingo tating'ono zedi pa odwala mapapo mu ICU. Koma yemweyo amakakamira magazi kuposa okosijeni ka 200 nkupitirira, alibe fungo alibe mtundu, chaka chilichonse June ndi July timamva za mabanja ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka osadzukanso. Palinso hydrogen sulfide wonunkha ngati dzira lowola, mu 2005 Mark Roth ku Seattle anapumitsa mbewa pang'ono chabe zinazizira thupi nkukhala ngati zagona tulo tofa nato kenako nkudzuka bwinobwino, anthu anasangalala kuti mwina tidzagoneka choncho ovulala pangozi. Pa nyama zikuluzikulu sizinayende chimodzimodzi. Ndipo ndi mpweya womwewo umene umagwetsa anthu olowa m'maenje a zimbudzi.

Nangozo: A Mbewe nkhani ya mbaulayo musaitchule mopepuka, ife tinaika maliro a mwana wa achemwali anga ndi mkazi wake tsiku limodzi, anali atangokwatirana kumene. Wina asawerenge apa nkumaganiza kuti utsi wa makala ndi mankhwala chonde

Aphunzitsi Mbewe: Pepani kwambiri Anangozo, mwanena zoona ndipo ndibwereze momveka, mbaula isagone m'nyumba ngakhale makala ataoneka kuti ayaka bwino opanda utsi, nthawi imeneyo ndi pamene ali oopsa.

Bambo a Tadala: Ndawerenga zonse. Chikundivuta nchakuti munthu uja amalankhula motsimikiza kwambiri, mpaka anati bambo akayamba makinawo mapiritsi a BP adzawasiya okha pakatha miyezi itatu

Aphiri a ku Pharmacy: Apo pokha nde ndakwiya napo achimwene. Bambo a zaka 74, opweteka pachifuwa, asiye mankhwala a BP? Ndawaonapo anthu otere akubwera atafa mbali imodzi, ena anasiya chifukwa cha timabotolo ta zitsamba ena chifukwa cha timakina. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti kwathu kuno wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi BP yokwera ndipo ambiri sadziwa nkomwe, bambo anu ali ndi mwayi kuti akudziwa ndipo akumwa. Mumufunse munthuyo mafunso awiri okha, makinawo amatulutsa haidrojeni wochuluka bwanji pa mpweya umene munthu akupuma, ndipo ndi bungwe liti loona za mankhwala limene linawavomereza pa matenda a maso. Mumve ayankha chani.

Aphunzitsi Mbewe: Komanso haidrojeni akapitirira 4% mu mpweya amayaka, nchifukwa chake a ku Japan aja anaima pa 2%. Kumudzi kumene m'nyumba mumakhala kandulo kapena koloboyi magetsi akazima ine sindingaike chinthu chimenecho pafupi ndi bedi la nkhalamba.

Agama: Mwana wanga wa ku Joni, mtima wako ndaumva, ana anga analinso choncho. Koma chimene chinandipulumutsa ine nkufulumira, adokotala anati ndikanachedwa sabata zina ziwiri sakanalonjeza kanthu. Tumiza ndalamayo kwa mlongo wako awatengere bambo kwa odziwa maso.

Nachisale: Asisi a Nabanda tikapita tikafunse chani kwenikweni? Ulendo watha tinangolandira buku nkutuluka, bambo sakonda kufunsafunsa adokotala amati nkupanda ulemu

Sisita Nabanda: Mufunse inuyo m'malo mwawo, mwaulemu momwemo. Kodi ndi youma kapena yonyowa, kodi pakufunika kujambula retina kotchedwa OCT ndipo kumapezeka kuti, ngati ndi yonyowa jakisoni angayambe liti ndipo adzafunika kangati poti si kamodzi kokha, poyamba amabaya mwezi ndi mwezi. Apemphenso awayeze presha ya maso onse awiri ndi shuga, ndipo aone ngati mulibe ng'ala chifukwa ng'ala imachotsedwa munthu nkuonanso. Ku Blantyre kuli Lions Sight First pa Queens, ku Lilongwe ku Central kulinso mbali ya maso, ndipo Nkhoma ili pafupi ndi kwanuko, mufunse komwe kuli wa retina. Muwauze a maso za mtima ndi kupweteka pachifuwa kuja, ndipo a mtima muwauze za diso. Kunyumba azitseka diso limodzi nkuyang'ana felemu yomweyo ya chitseko m'mawa uliwonse, lamanzere likangoyamba kupindika musadikire tsiku la kalata. Fodya amasuta?

Nachisale: Anasiya ndudu koma wa chingambwe amakokabe pang'ono akakhala ndi anzawo, amabisa

Sisita Nabanda: Ameneyo nde mukambe nawo modekha, pa zinthu zonse zimene munthu angasinthe fodya ndi amene amafulumizitsa kwambiri matenda a macula, ndipo diso lamanzere likadali labwino.

Bambo a Tadala: Chabwino. Achemwali ndikutumizirani mawa m'mawa ndikangotuluka ku shifiti, mukawatenge Lamlungu akaweruka kutchalitchi agone kwanu. Za fodyayo ndiwaimbira ndekha, kwa inu sangavomere.

Nachisale: Zikomo achimwene, zikomo nonse. A Phiri mankhwala awo nditenge onse kapena ndingolemba mayina?

Aphiri a ku Pharmacy: Tengani jumbo lonse momwe liliri, ndi mabuku onse awiri, lakale lija lodzadza musalisiye.